Kodi amene analemba Bayan Ko anali woyimba kapena mlakatuli?

Funso: Ndimalemba ndakatulo, ndipo nthawi zina anzanga oyimba amandipempha kuti ndiwalembere mawu a nyimbo zawo. Posachedwapa ndinaonera kanema wakale wa zionetsero za ku Manila, likulu la Philippines, za mu 1986, khwimbi la anthu likuyimba nyimbo imodzi, ena misozi ili mbwembwembwe. Nditafufuza ndinapeza kuti nyimboyo ndi Bayan Ko, ndipo mawu ake analemba ndi José Corazón de Jesús, munthu amene anamwalira kalekale zionetserozo zisanachitike. Kodi munthuyu anali ndani? Anali woyimba kapena mlakatuli? Nanga zinatheka bwanji kuti mawu ake akhalitse chotere?

Yankho: Anali mlakatuli, ndipo chimene chinkamudyetsa chinali ntchito ya m'nyuzipepala. Chuni cha Bayan Ko si chake, anapeka ndi Constancio de Guzman, ndipo nyimbo zina zotchuka zokhala ndi mawu a de Jesús anazipatsa chuni ndi akatswiri enanso. Komabe musafulumire kusiyanitsa ziwirizi, chifukwa ku Manila m'zaka za m'ma 1920 ndakatulo ndi nyimbo zinkayendera limodzi. Ndakatulo ya Chitagalogi, chilankhulo cha anthu a ku Manila ndi madera ozungulira, inkalembedwa kuti ilakatulidwe pagulu. Mzere uliwonse unali ndi chiwerengero chake cha maphatikizo, kawirikawiri 12 kapena 16, ndipo mizere inkathera pa mawu omveka mofanana. Munthu wodziwa kuluka mizere yotero amakhala kuti ntchito yaikulu ya wolemba nyimbo waigwira kale. Chimene ndikufuna mugwire pa munthu ameneyu n'chakuti ankalembera khutu, ankalemba pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ankalemba m'chilankhulo chimene sukulu ndi maofesi a boma sizinkachipatsa malo. Bayan Ko inachokera mu ntchito imeneyo.

Anabadwira ku Santa Cruz mumzinda wa Manila pa 22 November. Mabuku ena amalemba chaka cha 1894, ena 1896. Sanali mwana wa mphawi. Bambo ake, Dr. Vicente de Jesús, anadzakhala munthu woyamba wa ku Philippines kutsogolera nthambi ya zaumoyo m'boma la atsamunda a ku America, ndipo mayi ake, Susana Pangilinan, anali a ku Pampanga. Ubwana wake unathera ku Santa Maria m'chigawo cha Bulacan, kumpoto kwa Manila, ndipo malowa ndi ofunika pa nkhani yathu. Ku Bulacan ndi kumene kunabadwira Francisco Balagtas, mlakatuli amene Atagalogi amamutenga ngati kholo la ndakatulo zawo, ndipo ku Malolos, m'chigawo chomwecho, ndi kumene dziko la Philippines linakhazikitsira boma lake loyamba lodzilamulira mu 1899. Mwana wokulira kumeneko ankamva mawu olukidwa pa maliro, pa zikondwerero za oyera mtima, komanso m'sabata yoyera pamene anthu amasinthana kuyimba nkhani ya masautso a Yesu usana ndi usiku osalekeza. Anaphunzira ku Liceo de Manila, kenako anachita maphunziro a zamalamulo mpaka kulandira digiri, koma ntchito ya uloya sanaigwirepo. Nyuzipepala inali itamutenga kale.

Kuti muone kulemera kwa chimene anasankha, tayang'anani dziko limene anakuliramo. Spain inalamulira zilumba za Philippines zaka zoposa 300. Mu 1898, eni nthaka atamenya nkhondo n'kulengeza ufulu wawo, Spain inapereka dzikolo kwa America pa pangano la ku Paris, America n'kulipira madola 20 miliyoni. Mu 1899 kunabuka nkhondo ina, ulendo uno yolimbana ndi America, ndipo inapha anthu ochuluka zedi. Boma latsopano linaika lamulo mu 1901 loletsa kulankhula kapena kulemba zolimbikitsa ufulu wodzilamulira, ndipo olemba zisudzo monga Juan Abad ndi Aurelio Tolentino anamangidwa chifukwa cha masewero awo. Kuyambira 1907 mpaka 1919 kukweza mbendera ya Philippines unali mlandu. Nthawi yomweyo aphunzitsi mazanamazana ochokera ku America anayamba kufika mu 1901 n'kufalitsa sukulu za Chingerezi m'dziko lonse. Choncho de Jesús anakula pakati pa zilankhulo zitatu: Chisipanishi cha mbadwo wa bambo ake, cha m'makhoti ndi m'mabuku a anthu apamwamba, Chingerezi cha kusukulu, chimene chinali khomo la aliyense wofuna ntchito yabwino, ndi Chitagalogi cha pakhomo ndi pamsika. Mwana wa dokotala wamkulu wa boma, wa digiri ya zamalamulo, akanatha kufuna ulemu kudzera m'ziwiri zoyambazo. Iye anatenga chachitatu. Boma linadzavomereza Chitagalogi kukhala maziko a chilankhulo cha dziko mu 1937, iye atagona m'manda zaka zisanu.

Dzina limene anthu ankamudziwa nalo ndi Huseng Batute. Ankasaina nalo gawo lake la m'nyuzipepala ya Taliba lotchedwa Buhay Maynila, kutanthauza moyo wa mu Manila, limene anayamba kulemba cha m'ma 1920. Gawoli linali la ndemanga pa zochitika za tsiku, monga amachitira olemba ndemanga m'nyuzipepala kulikonse, koma iye ndemanga zakezo ankazilemba m'mizere ya ndakatulo. Zochita za andale, khalidwe la anthu a m'tauni otengera za ku America, kudzikuza kwa atsamunda, mavuto a anthu wamba, nkhani ya ufulu imene inkangolonjezedwa osafika, zonsezi zinkatuluka m'mawa zili zoyezedwa maphatikizo ndi zogwirizana kumapeto. Akatswiri amawerengera ndakatulo pafupifupi 4,000 zimene zinatuluka m'gawo limeneli. Anagwiritsanso ntchito mayina ena obisalira, monga Pusong Hapis, ndipo mu 1920 anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Mga Dahong Ginto.

Inu ngati wolemba taganizirani chimene ntchito yotere imachita pa dzanja la munthu. Nyuzipepala sidikira kuti mtima wa mlakatuli utakasuke. Makina osindikizira ali ndi nthawi yake, ndipo mizere iyenera kufika. Wowerenganso si mnzako wa kukoleji amene angakhale pansi n'kumasula mfundo zobisika. Ndi woyendetsa ngolo ya akavalo, mayi wogulitsa pamsika, wogwira ntchito m'fakitale ya fodya, ndipo ambiri ankamva ndakatulozo wina akuwawerengera mokweza. Mzere umene sukumveka pa ulendo woyamba ndi wotayika. Wolemba amene wakhala zaka khumi m'sukulu yotere amadziwa kuti ndi mawu ati amene amatsetsereka pakamwa, ndi chithunzi chiti chimene munthu amachiona nthawi yomweyo, ndipo ndi pati pamene wowerenga amafuna kupuma. Si zonse zimene analemba zinali zabwino, ndipo sizikanatheka kutero pa chiwerengero chimenecho. Zambiri zinafa limodzi ndi nkhani ya tsikulo. Koma luso limene linatsala m'dzanja ndi limene linadzalemba Bayan Ko.

Kutchuka kwake kwakukulu ali moyo kunabwera ndi Balagtasan, ndipo apa ndiima pang'ono chifukwa ndi pamene pali mtima wa nkhani. Mu March 1924 olemba Chitagalogi anakumana pa sukulu ya atsikana ya Instituto de Mujeres ku Tondo, mu Manila, kuti akonze mwambo wokumbukira kubadwa kwa Balagtas, amene anabadwa pa 2 April 1788. Anagwirizana zotsitsimutsa masewera akale otchedwa duplo n'kuwapatsa maonekedwe atsopano. Duplo ankaseweredwa pa maliro pofuna kutonthoza ofedwa ndi kuchezetsa anthu usiku. Mmodzi ankakhala mfumu n'kulengeza kuti mbalame yake yasowa, ndiye osewerawo ankanamizirana ndi kudziteteza m'mizere ya ndakatulo, wina kuyankha wina. Olemba aja anachotsa masewerawa pa siwa n'kuwaika pa nsanja, anawasandutsa mtsutso weniweni wa mbali ziwiri pa mutu umodzi, n'kuwatcha dzina lochokera kwa Balagtas. Pakati pa otsutsanawo pamaima lakandiwa, amene amatsegula nkhani, kupereka mpata kwa aliyense ndi kutseka, nayenso polankhula m'ndakatulo. Zimafanana ndi bwalo la milandu kwa amfumu, kumene wodandaula ndi woyankha amapikisana pa kuyala mawu, kungoti kuno chiweruzo chimatsamira kwambiri pa m'manja mwa anthu oonerera.

Balagtasan yoyamba inachitika pa 6 April 1924. Panali magulu atatu a otsutsana, ndipo mmodzi mwa alakatuli a tsikulo anali Amado V. Hernandez, amene pambuyo pake anadzatchuka ngati mlakatuli wa anthu ogwira ntchito. Koma amene anatenga mitima ya anthu anali de Jesús ndi Florentino Collantes, mnzake wa ku Bulacan komweko. De Jesús anali gulugufe, Collantes anali njuchi, ndipo onse awiri ankalimbirana duwa limodzi lotchedwa kampupot, aliyense akufotokoza chifukwa chake duwalo liyenera kukhala lake. Nkhani yake ikumveka yopepuka mukaifotokoza chonchi. Chimene chinasangalatsa anthu chinali kumva chilankhulo chawo chikuchita zamphamvu pagulu, chikunyengerera, chikubaya, chikutembenuza mfundo ya mdani, zonsezo osaphonya muyeso wa mzere. M'dziko limene mwana ankauzidwa kusukulu kuti nzeru zimalankhula Chingerezi, chinali chinthu chachikulu.

Anthu anafuna kuwaonanso awiriwa, ndipo mpikisano wawo unakula mpaka pa 18 October 1925 unachitikira ku Olympic Stadium, bwalo limene Manila inkapitako kukaonera nkhonya. Kumeneko de Jesús anapambana n'kuvekedwa ufumu wa Balagtasan, ndipo dzina lakuti Hari ng Balagtasan, mfumu ya Balagtasan, lamukakamira mpaka lero. Anali ndi mawu abwino, maonekedwe okopa ndi luso la pa nsanja, moti ankaitanidwa m'matauni osiyanasiyana kukalakatula pa zikondwerero ndi poveka chisoti atsikana opambana pa mipikisano ya kukongola. Mwambowu unafalikira ku zilankhulo zina za dzikolo: a Ilocano anautcha Bukanegan potengera mlakatuli wawo Pedro Bukaneg, ndipo a ku Pampanga anautcha Crissotan potengera Juan Crisostomo Soto. Pali mtundu wina wa mtsutso woterewu, wodzaza nthabwala ndi kunyogodolana, umene umatchedwa Batutian potengera dzina la Batute mwiniwake. Balagtasan imachitikabe m'sukulu za ku Philippines, makamaka mu August, mwezi wokumbukira chilankhulo cha dziko, ndipo anthu ambiri kumeneko amaona ubale pakati pa iyo ndi mipikisano ya rap ya FlipTop imene inayamba mu 2010.

Ndakatulo zake zimene zakhalitsa zimasonyeza kuti zonse ankazimanga ngati zoti munthu aimirire n'kuzinena. Mu Ang Pamana, mayi wokalamba akugawira ana ake katundu, piyano ndi zina za m'nyumba, ndipo mwana akuyankha kuti chuma chimene akufuna ndi mayi akewo. Mu Ang Pagbabalik, mwamuna akutsanzika mkazi wake kupita kutali, ndipo pobwerera akupeza kuti wamwalira. Mu Manggagawa akulankhula ndi wantchito, kuyambira pa nyundo imene ikumenya chitsulo, n'kumuuza kuti zonse zimene anthu amanyadira zinadutsa m'manja mwake. Iliyonse ili ndi munthu amene akulankhula, munthu amene akulankhulidwa, ndi chinthu chimodzi chogwirika chimene womvera angachione. Ana asukulu akhala akuziloweza ndi kuzilakatula pa mipikisano kwa zaka zambiri chifukwa zimalowezeka. Mu 1928 analemba Sa Dakong Silangan, ndakatulo yaitali yofotokoza nthano ya mfumu Pilipo ndi mfumukazi Malaya, amene ufumu wawo ukugwa m'manja mwa mfumu Samuel. Palibe wowerenga amene ankafunika kuuzidwa kuti Samuel akuimira America.

Tsopano tifike pa nyimbo. Ku Philippines kuli mtundu wa nyimbo zachikondi wotchedwa kundiman. Kugunda kwake n'kwa katatukatatu, kayendedwe kake n'kodekha, ndipo kawirikawiri imayamba ndi mamvekedwe achisoni amene oyimba amati minor key, kenako chapakati n'kutembenukira ku major key, yowala ndi yotseguka. Woyimba amakhala munthu amene akudandaulira wokondedwa wake, wodzichepetsa, wokonzeka kuvutika. Kuyambira nthawi ya Spain, anthu anazolowera kubisa dziko lawo m'chifaniziro cha mkazi wokondedwayo. Nyimbo ya Jocelynang Baliwag, imene pamaso ndi yotamanda mtsikana wa ku Baliwag ku Bulacan, inkayimbidwa ndi omenya nkhondo ya ufulu ya 1896 mpaka inatchedwa kundiman ya nkhondoyo. M'zaka za de Jesús, akatswiri ophunzira nyimbo monga Francisco Santiago ndi Nicanor Abelardo anakweza kundiman kukhala nyimbo yolembedwa pa pepala, yoyimbidwa ndi piyano m'maholo. Iwo ankafuna alakatuli owapatsa mawu, ndipo de Jesús anali mmodzi wa ofunidwa kwambiri. Mawu a Pakiusap ndi Madaling Araw, nyimbo za Santiago zimene ophunzira kuyimba ku Philippines amaziphunzirabe, ndi ake.

Bayan Ko inatuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pamene nthumwi za Philippines zinkapita ku Washington mobwerezabwereza kukapempha ufulu. Olemba mbiri ya nyimboyi amaloza kholo lake ku mawu a Chisipanishi a José Alejandrino, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a nkhondo ya ufulu, ndipo de Jesús ndi amene anaipatsa thupi la Chitagalogi limene dziko lonse limadziwa. De Guzman, wophunzira wa Abelardo, anaiika m'chikombole cha kundiman. Chatsopano chinali chakuti chophimba chija chinachotsedwa. Wokondedwa akutchulidwa dzina poyera kuti ndi Philippines, koma akulankhulidwabe mwachikondi chomwe chija. Gawo loyamba likufotokoza dziko la golide ndi maluwa, lofatsa ndi lokongola, limene kukongola kwake kunakopa alendo mpaka analigwira ukapolo n'kuliika m'masautso. Gawo lachiwiri likubweretsa mbalame: ngakhale mbalame imene ili ndi ufulu wouluka, ukaitsekera m'khola imalira, nanga bwanji dziko lokongola chotere, lingalephere kulakalaka kumasuka? Imatha ndi khumbo la woyimba loona dzikolo lili pa ufulu weniweni.

Mvetserani bwino pamene chuni chikutembenukira. Kusintha kuchoka ku mamvekedwe achisoni kupita ku owala kukuchitika pa mzere wa mbalame womwewo. Mawu akunena za khola, koma chuni chikutseguka ndi kukwera, ndiye amene akuyimba amamva m'chifuwa mwake chimene mbalameyo ikufuna. Mlakatuli ndi wopeka chuni anakumana pa malo amodzi, ndipo pamenepo ndi pamene khamu limakweza mawu, pamenenso misozi imene munaiona mu kanema ija imayambira. Ine ndimaona kuti mphindi imeneyo ndi imodzi mwa zitsanzo zabwino koposa za mawu ndi chuni zikugwirira ntchito limodzi, ndipo aliyense wolembera oyimba ayenera kuiphunzira.

Mwafunsa chifukwa chake yakhalitsa. Chifukwa choyamba chili m'zimene nyimboyi sinanene. Sitchula America, sitchula bwanamkubwa aliyense, sitchula chaka kapena lamulo. Munthu amene ankatchula mayina tsiku lililonse m'nyuzipepala anadziwa kuti apa mayina sakufunika. Imangonena za alendo, ukapolo, khola ndi ufulu, ndiye mbadwo uliwonse umene wamva kuti watsekeredwa umapeza kuti nyimboyi ikunena za iwo. Chifukwa china n'chakuti funso lake silitsutsika. Simungakangane ndi mfundo yakuti mbalame yotsekeredwa imalira, ndipo mukavomera zimenezo mwavomera kale zotsalazo. Apa mukuona dzanja la katswiri wa mtsutso wa pa nsanja: kuyamba ndi chinthu chaching'ono chimene aliyense akuvomereza, kenako n'kufunsa kuti nanga chachikuluchi bwanji. Komanso ndi nyimbo yachikondi. Siitanira anthu ku nkhondo, siopseza munthu, choncho agogo, masisitere, ana asukulu ndi anthu amene sanaponyepo mwala angathe kuiyimba popanda kumva kuti asanduka anthu ena.

Mwini mawuwo sanaone chilichonse cha zimenezi. Anasewerapo mu kanema wotchedwa Oriental Blood mu 1930, koma thanzi lake linali litayamba kufooka. Anamwalira pa 26 May 1932 ndi matenda a zilonda za m'mimba, asanakwanitse zaka 40, n'kusiya mkazi wake Asunción Lacdan ndi ana. Manda ake ali ku Manila North Cemetery. Ndakatulo yake ya Isang Punungkahoy, imene anthu amaiwerenga ngati kutsanzika kwake, ikumuonetsa ngati mtengo woima paokha, wooneka ngati mtanda ukauonera patali, masamba ake akuyoyoka. Lamulo la America lokonza njira ya ufulu linabwera mu 1934, boma la eni nthaka lokonzekera ufuluwo, lotchedwa Commonwealth, mu 1935, ndipo ufulu wodzilamulira pa 4 July 1946, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi ulamuliro wa Japan zitadutsa.

Nyimboyi inadzukanso mwamphamvu pamene wotsekera khola sanalinso mlendo. Pulezidenti Ferdinand Marcos ataika dziko pansi pa ulamuliro wa asilikali mu September 1972, Bayan Ko inakhala nyimbo ya otsutsa boma, ndipo kuiyimba pagulu kunkatha kumuika munthu m'mavuto. Magulu ena a omenyera ufulu anasintha liwu limodzi, kuti mbalame ija isamalire koma izilimbana kuti ituluke, chifukwa ankaona kuti kulira kokha sikukwanira. Freddie Aguilar, amene anatchuka m'mayiko ambiri ndi nyimbo yake ya Anak, anaijambula ndi gitala mwa kayimbidwe ka folk chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo anaifikitsa kwa achinyamata amene kundiman ankaiona ngati ya makolo awo. Benigno Aquino Jr., mtsogoleri wotsutsa Marcos, ataphedwa pa bwalo la ndege la Manila pa 21 August 1983, inayimbidwa pa maliro ake amene anasonkhanitsa anthu osawerengeka. Chimene munaonera inu chiyenera kuti ndi cha masiku a 22 mpaka 25 February 1986, pamene anthu anadzaza msewu wa EDSA n'kuima kutsogolo kwa akasinja a nkhondo mpaka Marcos anathawira ku Hawaii. Mu August 2009 woyimba Lea Salonga anaiyimba pa misa ya maliro a Corazon Aquino, mkazi wa Benigno, amene analowa m'malo mwa Marcos pa upulezidenti. Nyimbo ya fuko ya Philippines ndi Lupang Hinirang, ya chuni cha Julián Felipe cha mu 1898, koma anthu ambiri kumeneko amati Bayan Ko ndi yachiwiri yake ngakhale palibe lamulo lotero.

Sindikufuna kukupatsani chithunzi cha munthu amene aliyense ankamugwadira. Mbadwo wa alakatuli umene unabwera pambuyo pake unatopa ndi kalembedwe kameneka. Alejandro G. Abadilla, amene ndakatulo yake ya Ako ang Daigdig ya mu 1940 inaswa muyeso ndi kugwirizana kwa mizere, ndi anzake ankaona kuti ndakatulo za Chitagalogi zadzaza misozi, maluwa ndi mawu okometsera, ndipo zikungofuna kuwomberedwa m'manja. Dandaulo lawo lili ndi pogwira. Mukawerenga ndakatulo zambiri za de Jesús motsatizana mupeza mayi akumwalira, wokondedwa akumwalira, mtima ukusweka, mobwerezabwereza, ndipo nthawi zina chisoni chimafika msanga nkhani isanachikonzere malo. Dziko lofanizidwa ndi mkazi wokongola, wofatsa, wongodikira kupulumutsidwa, nalonso ndi chifaniziro chimene owerenga a masiku ano ali ndi ufulu wochifunsa mafunso. Koma akatswiri a pambuyo pake, makamaka Virgilio Almario amene anasonkhanitsa ndi kusindikizanso ndakatulo zake zosankhidwa, anaonetsa kuti kuseri kwa misoziyo kunali wolemba wa maso akuthwa pa ndale ndi pa moyo wa anthu osauka, ndiponso mmisiri weniweni wa mzere. Ine ndili kumbali imeneyo. Kulemba zomveka kwa munthu wosapita kusukulu popanda kupeputsa nkhani ndi luso lovuta kuposa kulemba zobisika, ndipo ndi alakatuli ochepa m'dziko lililonse amene analifikapo monga iye.

Njira imene de Jesús anayendamo, ya mlakatuli wopereka mawu kwa opeka chuni, inadzakhala ntchito yolemekezeka ku Philippines. Levi Celerio wa ku Tondo, amene analemba mawu a nyimbo zoposa 4,000, anapatsidwa ulemu wa National Artist, umene boma limapereka kwa akatswiri a zaluso, mu 1997 pa nyimbo ndi zolembalemba pamodzi, kusonyeza kuti dzikolo limawerengera mawu a nyimbo ngati zolemba zenizeni.

Popeza inunso mumalembera oyimba, ndikupemphani muchite chinthu chimodzi ndi makutu anu. Pezani pa YouTube Bayan Ko yoyimbidwa mwa kundiman, ndi mawu amodzi ndi piyano kapena gulu la zoyimbira, kenako mumvere ya Freddie Aguilar, kenako mubwerere ku ya khamu la mu 1986. Musayambe ndi kumasulira mawu. Werengani kaye ndi zala maphatikizo a mzere uliwonse, muone pamene woyimba akupumira, ndipo muone kuti mizere yambiri ikuthera pa mawu otseguka amene pakamwa pangathe kuwakoka nthawi yaitali. Chitagalogi chili ndi mawu ambiri othera pa a, i ndi o, ndipo Chichewa chathu n'cholemera kwambiri pamenepa chifukwa liwu lililonse limathera pa lembo la liwu, choncho zimene mungaphunzire pa kaikidwe ka mpweya m'mizere yake zingagwire ntchito m'mizere yanu. Mukatero mumvere Pakiusap, kuti mumve mlakatuli yemweyo akulembera mawu a munthu mmodzi wodandaulira mkazi mmodzi, ndipo muyerekeze ndi mmene analembera mawu oti dziko lonse liyimbe.